Mfuti ya Bambo Isayandikire Moto

Rotherham,
14 Januwale, 2007.

Wokondedwa mng'ono wanga Bester,

Ndayamba ndi moni. Kodi muli bwanji kumeneko ku Malomo? Amayi akudzuka bwanji ndi mwendo wawo uja? Nanga alamu ndi ana? Ine kuno ndili bwino. Chifuwa chinandigwira sabata yatha koma tsopano chapepuka. Kukuzizira kwambiri, ndipo mdima ukumagwa folo koloko itangodutsa, moti ndimachoka kunyumba kuli mdima n'kubwereranso kuli mdima.

Kalata iyi ndapatsira a Gertrude, anamwino a ku Wakefield amene kwawo ndi ku Mponela. Akunyamuka Loweruka pa 20, ndipo alonjeza kuti akaipereka m'manja mwa achemwali athu a Edwina. Sindinafune kuiponya ku positi chifukwa ikanafika mochedwa. Uiwerenge yonse ngakhale wandikwiyira. Ukafika pamene pakukunyansa, uiike pansi, ukamwe madzi, ubwere udzapitirize.

Tsiku lija tinayankhulana pa foni ya kugolosale, pa 6 Januwale, unandiuza kuti nguluwe zayambanso kutuluka m'nkhalango ndipo zamaliza chinangwa cha kumunsi kwa munda. Unati watsitsa mfuti ya bambo kudenga, ndipo pakutha pa mwezi uno upita nayo kwa Watson wowotcherera zitsulo uja, kuti akadule kumbuyo kwake ndi moto n'kuikapo chitsulo china, kuti muzilowa zipolopolo zogula. Unati gogodela ndi mfuti ya anthu opanda changu. Ukawomba kamodzi, pamene ukuthira wonga wina kukamwa kwake, nguluwe yakhuta kale ndipo ikukutsanzika.

Ine ndinati usatero, mfutiyo ikhale mmene bambo anaisiyira. Iwe unandiyankha kuti munthu amene sanaponye dothi m'manda mwa bambo asamalamule za mfuti yawo, ndiponso kuti ana ako sadya chikumbutso. Kenako unadula foni.

Mawu amenewo sindikuwabweza. Ukudziwa kuti nkhani ya mapepala anga ndiyo inandimanga, kuti ndikatuluka m'dziko muno sindingalowenso. Koma amene ananyamula bokosi ndiwe, amene akusunga amayi ndiwe, ndipo munda umene ukudyedwa ndi wako. Zimene ndikulemba lero si za chikumbutso ayi. Ndi zina zimene tsiku lijalo sindinkazidziwa, ndipo kuti uzimvetse ndiyenera kuyamba ndi mdala wina wa kuntchito.

Ukudziwa kuti ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Timawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pakama. M'chipinda chakumapeto munali a Ken, mzungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, amene anakalambira m'fakitale yosungunula zitsulo kuno ku Rotherham. Dzanja lawo lamanzere linafa ndi sitiroko. Kwa chaka chathunthu mawu amene ankandiuza anali akuti tiyi wazizira, basi. Pakhoma pawo panali chithunzi, iwo ali mnyamata atanyamula mfuti yaitali. Ndinkachiyang'ana ndikamayala pakama, chifukwa mfutiyo inkafanana ndi ya bambo, koma sindinafunse. Kuno munthu sufunsafunsa.

Mu Novembala kunabwera mkamwini wawo, a Terence, atangochoka ku Amereka. Anati kumeneko kuli nyengo imene amaipatula kuti anthu asake agwape ndi mfuti zothirira wonga kukamwa zokhazokha, ngati mmene ankachitira makolo awo. Iwo anapita kukasaka nawo, ndipo anabwera ndi zithunzi pa kamera.

Bester, mfuti imene ndinaiona pa zithunzizo sungaitche gogodela. N'zoona kuti wonga amalowetsera kukamwa, koma pogwirira ndi pa pulasitiki, pamwamba pali galasi loonera kutali, ndipo wonga wake umabwera woumbaumba ngati mapilitsi. Ngakhale mvula iinyowetse, akuti imalirabe.

A Ken anayang'ana zithunzizo n'kunena kuti imeneyo ndi mfuti ya makono yomwe yangobwereka jekete la agogo. Anati nyengoyo anaiika kuti munthu azikwawa mpaka amve nyama ikutafuna, podziwa kuti ali ndi mpata umodzi wokha. Amene sangathe kuyandikira choncho akagule nyama ku shopu.

A Terence anayankha kuti lamulo likuti wonga ulowere kukamwa, ndipo wawo unalowera kukamwa. Anati mfuti yatsopano imapha pomwepo, pamene yakale imavulaza nyama n'kuisiya ikafere kutali ikuvutika. Kenako anawafunsa apongozi awo kuti nanga iwo akudziwa chiyani za kukwawa, popeza zaka makumi anayi zonse ankangowombera mapepala ku kalabu yawo Lamlungu lililonse, ndipo palibe pepala limene linawathawa.

Ine ndinali pakhomo ndi thireyi ya tiyi, ndipo kuseka kunanditulukira ndisakufuna. A Ken anatembenuka n'kundifunsa chimene ndikuseka. Ndinapepesa, n'kuwauza kuti bambo anga anali ndi mfuti ngati ya pakhomayo, ndipo iwo sankawombera mapepala koma nguluwe zimene zinkadya chimanga chathu.

Kuyambira tsiku limenelo tiyi sanazizirenso. Ndikalowa m'mawa ankandiuza kuti nditseke chitseko ndiwafotokozere. Anafunsa dzina la bambo. Anafunsa kumene tinkapeza wonga, mmene nguluwe imayendera, ndi kutalika kwa nsanja imene tinkalondera. Chifikireni changa kuno mu Seputembala 2001, munthu ameneyu ndiye anali woyamba kundifunsa dzina la bambo. Ku tchalitchi cha Amalawi ku Leeds ndimapita mwa apo ndi apo, pamene shifiti yalola, ndipo kumeneko timafunsana za ntchito ndi za mapepala, kenako aliyense amathamangira sitima yake.

Mkangano wa awiri aja unabwerera m'mutu mwanga pamene unadula foni. Ndinaona kuti iwe ndiwe a Terence, ine ndine a Ken. Ndiye Lolemba pa 8, ndikuwameta ndevu, ndinawauza zonse. Kunena zoona, ndinkafuna kuti andiikire kumbuyo.

Sanandiikire kumbuyo. Anati iwo ndi mkamwini wawo amakangana atakhuta, pamene mng'ono wanga akukangana ndi njala, ndipo mwini munda ndiye mwini mawu. Kenako anandifunsa kuti kodi amene anaiwomba komaliza mfutiyo ndi ndani, ndipo ataiwomba anaithiranso wonga kapena ayi.

Ndinati sindikudziwa. Iwo anandiuza za famu ina kufupi ndi kuno, kumene mfuti yakale inakhala pakhoma kuyambira nthawi ya agogo a mwini nyumba. Aliyense ankadziwa kuti ilibe kanthu. Tsiku lina anaitenga kuti aikonze, anaiyandikiza moto kuti chitsulo chakumbuyo chimasuke, ndipo inalira. Munthu amene anaima kutsogolo anataya mwendo. A Ken anati wonga wakuda sukalamba. Ukakhala pouma umadikira, ngakhale zaka zana.

Ndinasiya kumeta. Pa basi yobwerera kunyumba ndinayamba kuwerenga miyezi, ndipo ndikufuna uwerenge nane.

Iwe zaka zomaliza za moyo wa bambo unali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo ngakhale uli mwana sunkakonda kupita kunsanja. Ine ndinalonda ndi bambo nyengo zambiri, ndipo kachitidwe kawo sikankasintha. Chimanga chikangomasula ngaiyaye, mu Febuluwale, ankatsitsa mfuti, kuipukuta, n'kuithira wonga. Akawomba nguluwe, ankathiranso pomwepo asanatsike pansanja. Mfutiyo inkakhala yodzaza nyengo yonse mpaka titatha kukolola. Tsiku lomaliza kututa, mu Meyi, ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kuiwombera m'mwamba. Ukukumbukira kulira kumeneko, chifukwa amayi ankati nkhuku zisiya kuikira, ndipo bambo ankawayankha kuti zisiye, ali ndi chimanga.

Bambo anamwalira Lamlungu pa 9 Malichi, 2003. A Edwina anandiuza nthawi imeneyo kuti chibayo chinawagwirira kunsanja, anabwera kunyumba Lachinayi akunjenjemera, anapachika mfuti kudenga okha, n'kugona. Sanadzukenso. Malichi, Bester. Chimanga chinali chiwisi m'munda. Meyi wa chaka chimenecho bambo sanamuone, ndipo ndafunsa a Edwina ngati wina anamvapo mfuti ikulira kuseri kwa nkhokwe chichokereni maliro. Akuti palibe.

Ndinaimba kugolosale pa 9 ndi pa 12 koma unakana kubwera. Ndinasiya uthenga wakuti mfutiyo ili ndi wonga. Mwini golosale anandibwezera yankho lako, kuti unaiyang'ana kale, pamphuno pake palibe fataki, unakoka ndipo inangoti kha, choncho ine mzungu wa ku Mangalande ndisamale nkhalamba zanga. Mwini golosaleyo ankaseka pondiuza. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona m'maganizo mwanga iwe utakhala pakhonde ukukoka, ana ataima mozungulira.

Tamvera. Fataki ndi kachipewa kamkuwa kamene kamayatsa wonga. Bambo sankalowa nako m'nyumba kali pamfuti. Akafika pamtondo paja ankakachotsa n'kukaika m'kachitini ka fodya, chifukwa cha ife ana. Koma wonga ndi zitsulo zolasira nyama zinkatsala m'kati mwa paipi. Mfuti yopanda fataki imangoti kha, kaya ili ndi wonga kaya ilibe. Moto wa Watson sufuna fataki. Iye adzaika moto pamalo enieni pamene pagona wongawo, nkhope yake ili pomwepo, iwe utagwira mbali inayo, ndipo pamalo paja pamadutsa ana a sukulu.

Usakhulupirire mawu anga. Bambo anasiya njira yodziwira. Pansi pa paipi pali chitsulo chachitali chotsindirira wonga. Uchisolole, ndipo kufupi ndi kumutu kwake upeza pamene anacheka ndi tupa. Mfuti ikakhala yopanda kanthu, chitsulocho ukachilowetsa m'paipi chimamira mpaka pochekedwapo pafanane ndi mlomo wa mfuti. Ikakhala yodzaza, pochekedwapo pamatsala kunja ngati zala zinayi. Uchite zimenezi panja, ana atapita kusukulu, mfuti italoza kuthengo. Ugwire chitsulocho cham'mbali ndi zala ziwiri, uchitsitse pang'onopang'ono, ndipo nkhope yako isakhale pamwamba pa mlomo.

Ngati chimira chonse, ndiye kuti ndalakwitsa kuwerenga, ndipo undiseke pamodzi ndi mwini golosale mpaka chaka chithe. Ndidzakondwa.

Ngati chitsala kunja, usayese kuiwomba kuti ituluke. Mvula yagwa kanayi mfutiyo ili kudenga osapukutidwa, ndipo sitikudziwa chimene dzimbiri lachita m'kati. Uthire madzi m'paipi, uiimike pakona pamene sipafika mwana, madziwo alowerere. Kenako upite nayo kwa a Shaibu, mnzawo wa bambo wa kutsidya kwa mtsinje, amene ankawakonzera mfutiyi. A Edwina akuti akadali moyo, maso okha ndiwo achepa. Iwo ali ndi chitsulo chopotana kunsonga chimene amakokera zimene zili m'kati. Ukawatengere shuga, ndipo ukawauze kuti mwana wa mnzawo amene ankagona pansanja m'malo molonda akupereka moni.

Mfutiyo ikakhala yopanda kanthu, zotsalazo ndi zako. Sindikuletsa. Ndingokuuza ziwiri zimene ndikudziwa. Choyamba, chiphaso chimene bambo ankalipira kuboma chinali cha gogodela, ndiye ufunse kaye ngati mfuti yosinthidwa singakuitanire apolisi. Chachiwiri, a Ken, amene moyo wawo wonse anathera pa zitsulo, anati paipi yakale anaipangira wonga wakuda umene umakankha pang'onopang'ono. Wonga wa m'zipolopolo zogula ndi waukali, ndipo paipi yoteroyo, makamaka yopsa ndi moto wowotcherera, ikhoza kung'ambikira pa tsaya la wowombayo. Anati akanakhala iwo akanaphunzira kuthira msanga. Ine ndikuti a Shaibu angakuphunzitse masana amodzi. Koma ana amene akufuna kudya ndi ako, ndipo uganize wekha.

A Ken sindinathe kuwauza mmene ndinawerengera. Lachiwiri ndi Lachitatu ndinali pa ofu. Lachinayi pa 11 nditafika ndinapeza kuti anawatengera kuchipatala m'mawa womwewo, sitiroko yachiwiri. Abwana athu akuti sabwereranso kuno. Lachisanu a Terence anabwera ndi makatoni kudzatenga katundu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti apongozi awo ankakonda kukamba za ine ndi nguluwe zanga. Ndinafuna kupempha kuti ndikawaone, koma kuno wantchito sapita kuchipatala kukaona munthu amene si m'bale wake popanda kuitanidwa, ndipo sanandiitane.

Dzulo anandituma kukayala m'chipinda chomwecho, chifukwa mukubwera munthu wina. Pamene panali chithunzi patsala msomali ndi malo owala pakhoma. Ndinayala, ndinatsegula windo, ndinatuluka. Pa nthawi ya tiyi ndinazindikira kuti ndathira kapu imodzi yoposa.

Lero ndi Lamlungu. Anzanga amene ndimakhala nawo m'nyumba muno, wina wa ku Zimbabwe wina wa ku Poland, onse ali kuntchito. Ndakhala pafupi ndi hita yotenthetsa m'nyumba ndikulemba, ndipo kunja kukungomveka mabasi. Ndimaganiza kuti munthu mmodzi yekha m'dziko lonse lino ankadziwa kuti bambo ankatsokomola kawiri asanakwere nsanja, ndipo tsopano munthuyo sakutha kuyankhula. Kumeneko mulipo ambiri amene mukudziwa zimenezi, n'chifukwa chake mwina kwa inu mfutiyo ndi chitsulo chabe. Sindikukuimba mlandu. Ndikanakhala kumeneko, mwina inenso ndikanapita nayo kwa Watson.

Ndinataya bambo ndili kuno, ndipo ndinamvera pa foni, nditaima m'kanyumba ka foni pamsewu, kadi ikutha. Sindingathe kumvanso uthenga wina wotero wonena za iwe, Bester. Ukhoza kukhala osandiyankhula zaka zimene ufuna, koma ukhale ndi manja ako onse ndi maso ako onse. Ndikudziwa kuti sindinakulere bwino ngati mkulu wako, pokhala kutali chonchi, koma pa chinthu chimodzi ichi undimvere.

Ndili ndi pempho limodzi lomaliza, ndipo ukhoza kulikana.

Bambo akathira wonga ankatsindira kansanza, kenako zitsulo, kenako kansanza kena pamwamba kuti zisagwe. Tinsanzato ankang'amba ku malaya awo akhaki aja amene anatha kolala, ndipo kalikonse ankayamba akanyowetsa ndi malovu, n'kukakankha ndi chala chachikulu asanatenge chitsulo chotsindirira. Ngati ndawerenga bwino, chinthu choyamba chimene a Shaibu adzakoke m'paipimo ndi kansanza kameneko. Bambo anakaika ndi dzanja lawo nyengo imene anamwalira, ndipo chiikireni palibe amene anakakhudza.

Usakataye. Kadzakhala kakuda ndiponso konyowa ndi madzi aja. Ukayanike padzuwa, ukakulunge m'pepala, ukapereke kwa a Edwina. A Gertrude akubwerera kuno pa 17 Febuluwale ndipo avomera kudzanditengera. Sukuyenera kulembapo kanthu. Ndikadzakaona ndidzadziwa kuti mfuti yakhutulidwa, ndiponso kuti iwe uli moyo. Dothi sindinaponye, monga unanenera, koma kansanzako ndikhoza kukasunga.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala opaka mwendo ali m'chikwama cha a Gertrude. Nkhani ya wongayi usawauze mpaka itatha, angasiye kugona m'nyumbamo. Moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa a Edwina ndi apabanja awo, ndi kwa Watson yemwe, amene ndilibe naye chifukwa. Mulungu akusungeni nonse, agwetse mvula yabwino, ndipo nguluwe azibweze kunkhalango.

Mpaka utayesa chitsulo chija, mfutiyo isachoke pakhomo.

Ndine mkulu wako,
Rodrick.